Kulandira, kusunga ndi kuyesa TrxR1 ya munthu mu labotale ya ku Tete

Kabotolo kake sikafika n'komwe kutalika kwa chala chaching'ono, ndipo mukakayang'ana pa dzuwa mumangoti kalibe kanthu. Koma ndalama yake ikhoza kugula mbuzi zingapo pa msika. Pa chikalata pamalembedwa kuti ndi puloteni ya munthu yokhala ndi seleniyamu, yopangidwa m'mabakiteriya kuti igwiritsidwe ntchito pa kafukufuku. Ndikulembera inu anzanga a m'malabotale ndi ophunzira a ku UniZambeze, kaya muli ku sukulu ya zaumoyo mu mzinda wa Tete kapena ku sukulu ya zaulimi ku Ulónguè, amene tsiku lina mudzapatsidwa kabotolo kotere n'kuuzidwa kuti "kasamaleni". Nditenga chitsanzo cha thioredoxin reductase 1, imene timaifupikitsa kuti TrxR1, chifukwa ndi imene mungathe kuiyesa ndi zipangizo zimene malabotale athu ali nazo. Mfundo zambiri zigwiranso ntchito pa abale ake monga GPX1 ndi GPX4, mapuloteni ena okhala ndi seleniyamu.

Funso limene likuyendetsa malangizo onsewa ndi limodzi: kodi seleniyamu alimodi m'puloteni imene mwagula, ndipo wafika kuno ali wamoyo?

Choyamba: werengani chikalata musanalipire

Apa m'pamene anthu ambiri amagwa, ndiye ndichedwapo.

Thupi la munthu lili ndi majini 25 opanga mapuloteni a seleniyamu. M'mapuloteniwa seleniyamu sakhala wongomatirira ayi. Amakhala m'kati mwa amino acid yotchedwa selenocysteine, imene imawerengedwa ngati ya nambala 21 ndipo chilembo chake ndi U. Imafanana ndi cysteine, chilembo C, kupatula kuti pamene cysteine ili ndi salifa, iyo ili ndi seleniyamu. Kusiyanako kumaoneka kochepa pa pepala, koma pa ntchito n'kwakukulu. Mbali ya seleniyamu ili ndi pKa pafupifupi 5.2 pamene ya salifa mu cysteine ili pafupifupi 8.3, kutanthauza kuti pa pH ya m'thupi selenocysteine imakhala itataya kale pulotoni yake, yokonzeka kugwira ntchito, pamene cysteine yambiri imakhala ikadali mtulo.

Vuto lili pa kapangidwe. Kodoni ya selenocysteine ndi UGA, yomweyo imene nthawi zonse imauza selo kuti "imani, puloteni yatha". Kuti selo liwerenge UGA ngati selenocysteine pamafunika kachingwe kopindika pa mRNA kotchedwa SECIS. Mwa munthu SECIS imakhala patali, kuseri kwa mbali yolemba puloteni. Mwa bakiteriya wa E. coli imakhala pomwepo, ikangotha UGA, ndipo maonekedwe ake ndi ena. Ndiye mukalowetsa jini ya munthu mwa E. coli osasintha kanthu, bakiteriyayo akafika pa UGA amangoima. Pa TrxR1 selenocysteine ndi yachiwiri kuchokera kumapeto, mu mndandanda wa Gly-Cys-Sec-Gly, kotero puloteni imatuluka yonse bwinobwino koma itaduka ma amino acid awiri omaliza. Awiriwo ndi amene mwalipirira.

Gulu la Elias Arnér ku Karolinska Institutet ku Stockholm linapeza njira mu 1999. Linaika SECIS ya mtundu wa bakiteriya kumapeto kwa jini ya TrxR ya khoswe, n'kuwonjezera majini a selA, selB ndi selC. Ngakhale choncho, zotuluka zimakhala zosakaniza, zina zathunthu zina zoduka. Mu 2017 gulu lomwelo linasonyeza njira ina yogwiritsa ntchito kodoni ya UAG mwa E. coli wopanda RF1, puloteni imene imaimitsa ntchito pa UAG. Zonsezi ndi ntchito yovuta, n'chifukwa chake makampani ambiri amadutsa chidule: amachotsa U n'kuikapo C. Puloteni yotere imapangika mosavuta, imaoneka yoyera pa jelo, ndipo pa chikalata imalembedwabe kuti ndi TrxR1 ya munthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine zinandionekerapo. Ndinatha masabata atatu ndikusintha buffer, ndikukayikira NADPH (mankhwala opatsa enzayimu ma elekitironi), ndikukayikira makina, mpaka tsiku lina nditawerenganso pepala ndi diso lofatsa ndinaona timalemba tisanu tating'ono, U498C, pafupi ndi dzina. Palibe amene anandinamiza. Ndine amene sindinawerenge.

Tsono pa chikalata fufuzani izi. Ngati pali U498C, ndiye kuti selenocysteine ya pa malo 498 yasinthidwa kukhala cysteine. Ena amalemba U648C chifukwa amawerengera pa mtundu wautali wa ma amino acid 649, koma ndi malo omwewo. Pa GPX1 mudzaona U49C, pa GPX4 U46C kapena U73C. Ngati sanalembe, pitani pa mndandanda wa ma amino acid n'kuona zilembo zomaliza. GCUG ndiye yeniyeni, GCCG ndi yosinthidwa, ndipo ikathera pa GC ndi yoduka. Onaninso kumene aika His-tag, kachidutswa kowonjezera kogwirira puloteni poiyeretsa. Pa TrxR1 iyenera kukhala kumayambiriro, chifukwa mchira wa kumapeto ndi umene umagwedezeka n'kukapereka ma elekitironi kwa puloteni inzake yotchedwa thioredoxin. Kenako funani nambala ya mphamvu, ya U/mg (apa U ndi mayuniti, pa miligalamu imodzi), pamodzi ndi njira ndi kutentha kumene anayesera. Enzayimu yogulitsidwa popanda nambala imeneyi, ine sindiigula.

Yosinthidwayo si yachabe. Ngati mukufuna muyezo wa Western blot, kapena puloteni yopangira ma antibody, ikukwanirani ndipo ndi yotsika mtengo. Koma ngati mukuyesa ngati mankhwala a zitsamba za ku Macanga kapena ku Tsangano amatseka enzayimu imeneyi, yopanda seleniyamu ikupatsani mayankho a nkhani ina. Mukakayika, lembani imelo kwa ogulitsa muwafunse kuti ndi gawo lanji la puloteniyo limene lili ndi selenocysteine, ndipo anayesa bwanji. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri: konzani ulendo wake

Katundu wotere kawirikawiri amadutsa ku Johannesburg kapena ku Maputo asanatere pa bwalo la ndege la Chingodzi, ndipo pakati pake pali mapepala a kasitomu. Kunoko mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ngati n'kotheka itanitsani kuti katundu afike mu Juni kapena Julayi, ndipo pemphani kuti anyamuke kumayambiriro kwa sabata kuti asagone m'nyumba yosungira katundu Loweruka ndi Lamlungu.

Ngati ogulitsa ali ndi mitundu iwiri, ya ufa wouma ndi yamadzi, tengani ya ufa. Imapirira masiku angapo kunja kwa filiji. Yamadzi imabwera pa ayezi wouma, amene ndi mpweya wa carbon dioxide wolimba pa madigiri −78.5, ndipo amangosanduka mpweya pang'onopang'ono mpaka kutha. Pemphani kuti aike wochuluka kuposa wa masiku amene alonjeza, ndiponso kachipangizo kolemba kutentha m'bokosimo. Mapepala onse apatseni despachante wanu, wokuyendetserani za kasitomu, katundu asananyamuke, ndipo pa bokosi palembedwe nambala ya foni ya munthu amene amayankhadi.

Tsiku lokatenga, pitani ndi bokosi losunga kuzizira, lija timalitcha colman, muli mapaketi a ayezi. Musaliike kumbuyo kwa galimoto pa dzuwa n'kuyamba kuzungulira m'tauni kugula zina. Ngati muli ayezi wouma, musamange chivindikiro mothina, musamugwire ndi manja opanda magolovesi, ndipo tsegulani mawindo a galimoto chifukwa mpweyawo umakomola. Opita ku Angónia pa chapa, bokosi likhale pamiyendo panu kapena pansi pa mpando kutali ndi injini, osati padenga pamodzi ndi matumba a mbatata.

Chachitatu: filiji

Konzani malo katundu asanafike. Yabwino ndi filiji ya −80. Ngati mulibe, ya −20 ikwanira bola ikhale ija yaunjika chipale m'mbali. Mafiliji odzisungunula okha amatenthetsa m'kati kangapo pa tsiku kuti chipale chisaunjikane, ndipo puloteni imene ili m'kadontho ka 10 µl imamva kusinthako msanga. Ikani katundu wanu pansi, mkatikati, osati pachitseko.

Za magetsi sindinena zambiri. Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechi, komabe tonse tikudziwa kuti mvula yoyamba ikagunda magetsi amatha kuthima. Dzazani malo otsala m'filiji ndi mabotolo a madzi oundana kuti azisunga kuzizira, ndipo matani pepala pachitseko loti magetsi akathima wina asatsegule.

Chachinayi: kutsegula ndi kusungunula

Mukafika, onani kaye bokosi. Ayezi wouma watsalamo? Kachipangizo kakuti chiyani? Jambulani chithunzi musanachotse kanthu, chifukwa mukadzadandaula kwa ogulitsa adzafuna umboni. Lembani nambala ya lot m'buku.

Kabotolo ka ufa musakatsegule kakadali kozizira. Kasiyeni pa tebulo kotseka kwa mphindi 15 kapena 20, makamaka nthawi ya dzinja pamene mpweya uli ndi chinyezi, apo ayi mame amalowa n'kunyowetsa ufa. Kenako kazunguzeni mu centrifuge kwa masekondi 30 kuti ufa umene unamwazikira pachivindikiro paulendo utsikire pansi. Anthu ambiri amataya gawo la katundu wawo pa kutsegula koyamba. Musadabwe mukapanda kuona kanthu: 50 µg ndi kakang'ono kwambiri, nthawi zina kamangooneka ngati kachifunga pa galasi.

Sungunulani ndi chimene chikalata chanena. Chikati madzi, akhale otchezedwa kawiri (double-distilled) kapena a makina oyeretsa, osati a pampopi owiritsa. Mukasowa, timabotolo ta madzi osungunulira mankhwala a jakisoni tingakupulumutseni. Chikapanda kunena, buffer ya Tris 50 mM pa pH 7.5 yokhala ndi EDTA 2 mM ndi imene ambiri amasungiramo TrxR1. EDTA imagwira tizitsulo monga kopa ndi ayironi timene timawononga mbali ya seleniyamu.

Masamu ake ndi awa. Mukathira 100 µl pa 50 µg mupeza 0.5 mg/ml. Gawo limodzi la TrxR1 limalemera pafupifupi 55 kDa, kotero 0.5 mg/ml ndi pafupifupi 9 µM. Musasungunule mopyola pamenepa posunga, chifukwa puloteni yochepa kwambiri imamatirira ku pulasitiki n'kutheratu.

Thirani madziwo motsetsereka m'mbali mwa kabotolo, tsekani, pendeketsani pang'onopang'ono kuti anyowetse paliponse, kenako kaikeni pa ayezi kwa mphindi 20 mpaka 30. Musagwiritse ntchito vortex, musapope ndi pipeti mpaka thovu. Thovu ndi malo amene puloteni imafutukuka n'kufa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. TrxR1 ili ndi kachinthu kachikasu kotchedwa FAD, kotero ikachuluka imaoneka yachikasu, ngakhale kuti pa 0.5 mg/ml mtunduwo umangooneka movutikira. Chikasucho chikukuuzani za FAD basi, za seleniyamu sichinena kanthu.

DTT kapena mercaptoethanol musathire, ngakhale mnzanu atakulangizani kuti zimateteza puloteni. Pa kuyesa kumene tichite pansipa, mankhwala amenewa amasandutsa DTNB, mankhwala oyesera mphamvu, kukhala yachikasu okha popanda enzayimu. Ngati ogulitsa anathiramo kale, chikalata chinena, ndipo mudzaona mtundu ukudumpha nthawi yomweyo mukangothira.

Chachisanu: gawani lero lomwe

Kuundana ndi kusungunuka kulikonse kumadya mphamvu ya enzayimu. Gawani 5 kapena 10 µl m'timachubu tosamatira puloteni, kachubu kalikonse ka ntchito ya tsiku limodzi. Lembani dzina, kuchuluka ndi tsiku ndi cholembera chosafufutika, pambali ndi pachivindikiro pomwe. Ngati muli ndi −80, undanitsani msanga. Ngati muli ndi −20 yokha, sakanizani ndi glycerol mpaka 50% musanagawe, chifukwa pamenepo madziwo saundana ndipo puloteni sivutika ndi timiyala ta ayezi. Kumbukirani kuti mwachepetsa kuchuluka kwake ndi theka.

Ena amathira BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) 0.1% kuti ipikisane ndi puloteni yanu pomatirira ku pulasitiki. N'zabwino, koma patulani kachubu kamodzi kopanda BSA ka pa jelo, chifukwa BSA ya 66 kDa imakhala pafupi ndi mzere wanu wa 55 ndipo imauphimba. Ngati muli ndi mnzanu wodalirika wa labotale ina, mupatseni timachubu tiwiri asunge kwake.

Chachisanu ndi chimodzi: jelo

Yendetsani 1 µg pa SDS-PAGE. Muone mzere umodzi cha pa 55 kDa, kapena pamwamba pang'ono ngati pali tag. Mizere yambiri pansi pake ikutanthauza kuti yayamba kuphwanyika. Jelo singasiyanitse yathunthu ndi yoduka ma amino acid awiri, ngakhalenso ndi yosinthidwa U kukhala C. Ndiye musasangalale msanga.

Chachisanu ndi chiwiri: iyeseni mphamvu

Apa ndiye pagona nkhani. TrxR1 imatenga ma elekitironi kwa NADPH n'kuwapereka kwa DTNB, imene imaduka pakati kukhala TNB ziwiri zachikasu. Chikasucho chimawerengedwa pa 412 nm. Ubwino wake kwa ife ndi woti makina owerengera mbale za ELISA, amene malabotale ambiri a zipatala ali nawo, amakhala ndi sefa ya 405 nm, ndipo imeneyo ndi yoyandikira mokwanira pofananiza zitsime.

Konzani zinthu zinayi.

Buffer: potassium phosphate 100 mM, pH 7.0, EDTA 10 mM. Pa lita imodzi sakanizani 61.5 ml ya K2HPO4 1 M ndi 38.5 ml ya KH2PO4 1 M, onjezerani 20 ml ya EDTA 0.5 M, thirani madzi mpaka pafupi ndi lita, yesani pH ndi kuikonza, kenako dzazani. Yesani pH mutathira kale EDTA chifukwa imaikweza. Pa gawo limene mugwiritse ntchito tsikulo thiranimo BSA 0.2 mg/ml.

DTNB 100 mM: 39.6 mg mu 1 ml ya DMSO. Kulungani kachubu ndi pepala la aluminiyamu.

NADPH 20 mM: pafupifupi 16.7 mg pa ml ngati ndi ya mchere wa sodium inayi. Iyi ndi imene imafa msanga kuno kuposa enzayimu imene. Siikonda asidi, siikonda kutentha, ndipo mu phosphate siikhalitsa. Isungunuleni mu Tris pH 8, ikhale pa ayezi, ndipo muithire mu buffer pomaliza penipeni. Musakhulupirire sikelo yokha. Sungunulani pang'ono kufika pa 0.1 mM n'kuwerenga pa 340 nm: iyenera kupereka pafupifupi 0.62. Ikapereka 0.3, theka linafa kale m'botolo. Onetsetsaninso kuti ndi NADPH, osati NADH. Mabotolo ake amafanana ndipo TrxR1 imafuna yokhala ndi P.

Enzayimu: tengani kachubu kamodzi, sungunulani ka 50 (ka 25 ngati munathira glycerol) mu buffer yokhala ndi BSA kuti ikhale 10 µg/ml. Chitani izi mutatsala pang'ono kuyamba.

Mu cuvette ya 1 ml thirani 910 µl ya buffer, 10 µl ya NADPH ndi 50 µl ya enzayimu, imene ndi 0.5 µg. Dikirani mphindi ziwiri. Yambitsani ndi 30 µl ya DTNB, tsekani ndi parafilm, tembenuzani katatu, ikani m'makina. Pamenepa NADPH ili pa 0.2 mM ndipo DTNB pa 3 mM. Ena amagwiritsa ntchito 5 mM, ndipo ngati chikalata chanu chinayesera pa 5, tsatani chomwecho kuti manambala afanane. Werengani masekondi 30 aliwonse kwa mphindi zisanu. Makina akakhala osalemba okha, wina agwire wotchi wina alembe.

Musayendetse cuvette imodzi yokha. Pafunika ina yopanda enzayimu, chifukwa DTNB imachita chikasu pang'ono yokha ndiponso BSA ili ndi salifa mmodzi amene amaigwira. Pafunikanso ina yopanda NADPH, imene iyenera kukhala chete. Ikayamba kukwera, muli DTT kapena chinthu china m'katundu wanu. Chilichonse chitani katatu.

Jambulani manambala pa pepala la galafu n'kutenga gawo lowongoka, kusiya masekondi oyamba. Tiyerekeze kuti mutachotsa za cuvette yopanda enzayimu mwapeza kukwera kwa 0.136 pa mphindi. Nambala yogawira ya TNB imene njira imeneyi yakhala ikugwiritsa ntchito ndi 13.6 pa mM pa cm, ngakhale ena amatenga 14.15. Mukagawa 0.136 ndi 13.6 mupeza 0.01 µmol ya TNB pa mphindi mu 1 ml. Mwathira 0.0005 mg, ndiye ndi 20 µmol pa mphindi pa mg. Apa pali msampha. Ogulitsa ena amati yuniti imodzi ndi 1 µmol ya TNB, ndiye yankho lanu ndi 20 U/mg. Ena amawerengera NADPH imene yatha, ndipo poti NADPH imodzi imabala TNB ziwiri, yankho lomwelo ndi 10 U/mg. Onani tanthauzo la pa chikalata musanalembe kalata yokwiya.

Pa mbale ya zitsime 96, gawani zonse ndi 5 kuti chitsime chikhale 200 µl. Kuwala kumadutsa m'madzi osakwana sentimita imodzi, pafupifupi 0.6 cm, ndiye masamu a pamwambawa sagwira osakonzedwa. Njira yosavuta ndi kupanga muyezo wanu: thirani cysteine kapena glutathione yodziwika kuchuluka mu DTNB yochuluka, salifa mmodzi amabala TNB imodzi, ndipo mupeza mzere wa makina anuwo pa sefa yanuyo.

Tsopano kutentha. Zikalata zambiri zimayesera pa madigiri 25. Labotale yopanda makina oziziritsa ku Tete masana a Novembala ikhoza kukhala pamwamba pa 35, ndipo enzayimu imathamanga kwambiri ikatenthedwa. Mukhoza kupeza nambala yokongola pa katundu amene theka lake linafa. Ikani thermometer mu buffer, lembani kutentha pambali pa zotsatira zilizonse, ndipo ngati mungathe yesani m'mawa dzuwa lisanakwere. Anzathu a ku Ulónguè mu Julayi vuto lawo ndi lotembenuka, m'mawa buffer imazizira n'kupereka manambala otsika, ndiye iwo aiike kaye m'madzi ofunda a madigiri 25.

Chachisanu ndi chitatu: tsimikizani kuti ndi seleniyamu akugwira ntchitoyo

Chikasu chokha sichinamalize mlandu. TrxR1 ili ndi malo enanso kumayambiriro, pa Cys59 ndi Cys64, amene amatha kudula DTNB pang'ono ngakhale mchira wa seleniyamu palibe. Mukathira puloteni yoduka yambiri, cuvette ichita chikasu ndithu, pang'onopang'ono. N'chifukwa chake nambala ya U/mg ndi yofunika kuposa maso.

Mboni yoyamba ndi auranofin, mankhwala a golide amene anapangidwira nyamakazi. Golide amakonda seleniyamu kwambiri, ndipo auranofin imatseka TrxR1 yathunthu pa mlingo wa ma nanomolar. Sungunulani mu DMSO, thirani kuti ikhale 1 µM mu cuvette momwe muli enzayimu ndi NADPH, dikirani mphindi 10 mpaka 15, kenako thirani DTNB. Dongosololi musalisinthe. NADPH iyenera kutsegula kaye mlatho wa pakati pa seleniyamu ndi salifa kuti golide apeze pogwira. Ngati mphamvu yagwa kwambiri, ndi chizindikiro chabwino. Ngati inali yochepa kale ndipo siikusintha kwenikweni, kayikirani.

Mboni yachiwiri ndi yamphamvu kuposa yoyamba, koma imafuna kugula thioredoxin ndi insulin. Enzayimu imapereka ma elekitironi kwa thioredoxin, thioredoxin imadula milatho ya salifa ya insulin, ndipo inu mumaona NADPH ikutsika pa 340 nm, pogawira ndi 6.22 pa mM pa cm. Pakapita nthawi madzi amachita mbuu chifukwa tcheni B cha insulin chimaundana. Ntchito iyi imadutsira pa mchira, ndiye puloteni yoduka siingaigwire. Gwiritsani ntchito insulin ya ufa ya mu labotale. Ya odwala matenda a shuga ili ndi mankhwala osungitsa monga cresol, ndiponso ili ndi eni ake amene akuidikira.

Kuyeza seleniyamu weniweniyo kumafuna makina apadera a ICP-MS kapena mass spectrometry, ndipo pamenepo mpaka mutumize kachubu kunja. Ngati zotsatira zanu zikupita ku magazini ya asayansi, ganizirani zimenezi mukadali ndi timachubu tokwanira.

Zikakanika

Yambani kukayikira zotsika mtengo. NADPH poyamba, pa 340 nm. Kenako DTNB: thirani kadontho ka cysteine, ichite chikasu nthawi yomweyo. Kenako pH. Kenako pipeti, poyeza 100 µl ya madzi pa sikelo, ipereke 100 mg. Zonsezi zikakhala bwino, wirikizani enzayimu kawiri muone ngati liwiro liwirikiza kawiri. Likapanda kutero, mwina yochuluka ikutsalira pa pulasitiki. Pokhapokha mutadutsa zonsezi m'pamene mungatsegule kachubu kachiwiri, ndipo kakakanikanso lembani kwa ogulitsa mutumize nambala ya lot, chithunzi cha bokosi, kutentha ndi galafu yanu.

Nambala ya tsiku loyambalo isungeni bwino. Mwezi uliwonse, komanso magetsi akathima nthawi yaitali, yesani kachubu kamodzi n'kufananiza.

Mawu awiri kwa amene adzakufunsani kunyumba

Mukanena kuti mumagwira ntchito ndi seleniyamu, azakhali kapena amalume adzafunsa ngati angamweko. Funsolo lili ndi maziko. Kafukufuku wa ku Malawi, kutsidya kwa Zóbuè ndi Calómuè, anapeza kuti chimanga cholimidwa pa nthaka ya asidi chili ndi seleniyamu wochepa ndipo anthu ambiri samupeza wokwanira, pamene cha pa nthaka ya m'chigwa cha Shire chili naye wochulukirapo. Munthu wamkulu amafuna pafupifupi 55 µg pa tsiku, ndipo kupitirira 400 µg pa tsiku kwa nthawi yaitali kukhoza kuthothola tsitsi ndi kuwononga zikhadabo. Koma kabotolo kanu si mankhwala. Kanapangidwa m'mabakiteriya, sikanayeretsedwe kuti kalowe m'thupi, ndipo seleniyamu yense wa mu 50 µg ya TrxR1 yathunthu sakwana n'komwe 0.1 µg. Auzeni agule kapenta wa ku Cahora Bassa ndi mazira.

Ngati pa shelefu yanu pali sodium selenite yodyetsera maselo kapena mabakiteriya, imeneyo ndi poizoni weniweni. Ikhale m'kabati yokhoma, muiyeze mutavala magolovesi ndi chophimba pamphuno, ndipo zotsala zake, pamodzi ndi za auranofin, zipite m'botolo la zinyalala za mankhwala lolembedwa bwino, osati mu sinki.